Bakihandi ya Amuna Anga ku Feira

Amuna anga anawatumiza ku Feira kukayang'anira za nsomba pa nthawi imene boma linali litangoletsa anthu kupita pamadzi. Tinachoka ku Chipata pa lole, ine ndili ndi mwana kumsana. Titafika anatipatsa nyumba yakumapeto kwa mzere wa nyumba za boma, kufupi ndi mtsinje, ndipo iwo anawapatsa ofesi, boti ndi injini yake. Petulo sanawapatse. Kutsidya kwa Zambezi kunali asilikali a ku Rodeshiya amene ankawombera chilichonse choyandama, kaya ndi bwato kaya ndi chipika. Tsono ntchito ya amuna anga inali kuyang'anira asodzi osasodza, pa boti losayenda. Ankadzuka m'mamawa ndithu, kuvala malaya osita, kukatsegula ofesi, kukhala pampando mpaka dzuwa litapendeka, n'kutseka.

Sanali munthu wozolowera kukhala manja lende. Miyezi yoyamba anayamba kuwonda. Kukamveka mfuti kutsidya ankasiya chakudya, n'kumangoyendayenda pakhonde.

Chakumtunda, panjira ya ku Lusaka, kunali mishoni. Mzungu wina wachinyamata amene ankaphunzitsa kumeneko anaitanidwa kwawo chifukwa nkhondo inali itafika poipa, ndipo tinamva kuti akugawa katundu wake. Ine ndinawatuma amuna anga.

"Bambo a mwana, mukapemphe pulaimasi, kambaula kapalafini kaja. Nkhuni zavuta, kutchire akuti kuli mabomba okwirira."

Anapita pa njinga, anabwera madzulo akumwetulira, zimene anali asanachite chifikire ku Feira. M'malaya anatulutsa chinthu chapulasitiki, chobulungira, chofiirira ngati papaya lakupsa.

"Pulaimasi ili kuti?"

"Anatenga a nesi. Koma amayi a mwana, taonani ichi."

"Mbale imodzi? Yosaya chonchi? Muikamo ndiwo zanji?"

"Si mbale yodyera iyi. N'chimbale chouluka. M'boma lonse lino palibe wina ali nacho."

"Nanga wina akanachifuniranji?"

Anali atatuluka kale panja.

Masewerawo ankati gofu wa chimbale. Umaimirira patali, n'kuponya chimbale kulunjika pa dengu lomangidwa pamtengo. Pamene chagwera umapita n'kuponyanso, mpaka chilowe m'dengu. Wopambana ndi amene waponya kochepa. Dengu linali langa, lonyamulira chimanga, ndipo ndinalipeza lili kale pamwamba pa mzati, atalimanga ndi waya, kumapeto kwa bwalo lafumbi limene linali kuseri kwa nyumba yathu. Kupitirira bwalolo kunali mitengo ya masau, kenako waya waminga wa asilikali, kenako mchenga wa mtsinje. Popeza amuna anga ankasewera okha, ankapambana tsiku lililonse, koma ankalowa m'nyumba atakwinya nkhope ngati woluza.

Chinkawasautsa chinali kaponyedwe kamene mzungu uja anawaonetsa masana amodzi okha, kamene ankati bakihandi. Umagwira chimbale zala zinayi pansi pa mkombero, chala chachikulu pamwamba. Umapereka msana kumene ukuponya, kutambasula mkono kumbuyo, kenako kukoka chimbale kudutsa pachifuwa, kuseri kwa dzanja kuli patsogolo, n'kuchimasula. Akuti mzunguyo akaponya, chimbale chinkayenda chogona, phee, ngati chikutsetsereka pa tebulo losaoneka. Cha amuna anga chikachoka m'dzanja chinkakwera kumwamba ngati chapita kukapereka moni, n'kuima, n'kupendekera kumanzere, n'kugwa.

Kumanzereko kunali nyumba ya mayi wina wachikunda, wamasiye, wogulitsa nsomba zouma. Kumene ankapeza nsomba mtsinje uli wotseka, woyang'anira nsomba sanafunsepo, chifukwa ndiwo zathu zinkachokera komweko. Mayiyu ananditenga ngati mng'ono wake, tsono iye ndi amuna anga ankaitanana alamu. Chimbale chinkagwera pa thandala lake loyanikira nsomba pafupifupi tsiku ndi tsiku. Ankachitola ndi zala ziwiri, n'kubwera nacho pang'onopang'ono kuti aliyense aone.

"Alamu, nsombazi zinafa kale. Mukuziphanso chifukwa chiyani?"

"Pepani alamu, dzanja likutsegula msanga."

"Dzanja lotsegula msanga n'labwino pogula nsomba. Apa ayi."

Amuna anga anakumbukira kuti mzungu uja anati kukoka kwake kufanane ndi kuliza injini ya boti. Injini anali nayo, yaboma. Tsiku lina nditawapititsira chakudya ku ofesi ndinawapeza atavula malaya, injini ataimangirira pa benchi, akukoka chingwe chake kudutsa pachifuwa, thukuta lili kamukamu. Injini inkangotsokomola n'kukhala chete. Aphunzitsi ena odutsa panjira anaima n'kuwayamikira kuti boma likanakhala ndi antchito otere, okana kutaya mtima ngakhale petulo palibe, dziko likanapita patali. Amuna anga anangogwedeza mutu n'kukokanso. Pasanathe mwezi chingwe chinaduka.

Kenako anaona kuti kuyenda kukatola chimbale chimodzi pa dzuwa la ku Feira kukuwadyera nthawi. Anafuna zimbale zambiri. Ndinazindikira nditaphika nyemba n'kusowa chovindikira. Zivindikiro zanga zonse zinali pabwalo, zina zitapindika, china chitakodwa mu msau. Zivindikiro siziuluka, zimangogubuduka ndi phokoso, koma iwo anati zikuwaphunzitsa dzanja. Ndinazitolera, ndinakazisungitsa kwa mayi wa nsomba, ndipo kuyambira pamenepo ndikafuna kuphika ndinkakabwereka zinthu zanga zomwe.

Chingwe cha injini ndi zivindikirozo zinawasiyira mphatso: phewa linatupa. Ku kiliniki anawapaka mankhwala onunkha, n'kuwauza kuti apumitse mkono. A nesi amene anatenga pulaimasi aja anawafunsa kuti anyamula chiyani cholemera. Iwo anati ntchito za muofesi.

Masiku omwewo kunabwera lamulo lakuti nyumba iliyonse ikumbe dzenje lobisalamo ndege zikabwera. Amuna anga anagwirizana nalo lamulolo, koma anati dzenje lisakhale pakati pa bwalo chifukwa liwononga masewera. Anayenda ndi ndodo kuzungulira nyumba kufuna malo abwino, ndipo malo onse amene anapeza anali kutali moti munthu akanafika ndege zitabwerera kale kwawo. Ine ndi mayi wa nsomba tinatenga makasu n'kukumba pamene tinafuna, kuseri kwa khitchini, pafupi penipeni ndi pamene iwo ankaimirira poponya. Nthaka inali youma ngati njerwa. Iwo sakanatha kukumba chifukwa cha phewa. Anaimirira pambali n'kumatiuza kuti tikugwiritsa ntchito mikono yokha m'malo mwa chiuno.

"Alamu," anatero mayi uja, atatsamira khasu, "dzenjeli tikhoza kulitalikitsa pang'ono kuti mukwanemo chogona."

Anapita kukakhala pakhonde.

Phewa litayamba kuchira anabwerera pabwalo. Ndipamene kunabwera sajeni wa asilikali athu amene anali ndi msasa kumunsi kwa boma. Anali munthu wamkulu thupi, wolankhula Chinyanja cha ku Lusaka chosakaniza ndi Chibemba. Anafika ndi mfuti paphewa, n'kupempha mpando.

"Mdala, tamva kuti tsiku lililonse dzuwa likapendeka mumaponya chinthu chowala kuloza kutsidya. Mumatumiza uthenga kwa ndani?"

Masiku amenewo munthu akamunena kuti ndi kazitape ankamutengera ku Lusaka, ndipo akubanja ankangomva mphekesera. Amuna anga, m'malo mochita mantha, nkhope inawala. Kwa nthawi yoyamba panapezeka munthu wofunsa za masewera awo. Anayamba kufotokoza za dengu, za zala zinayi, za mkombero. Sajeni anawadula.

"Ponyani ndione."

Anaimirira, anapereka msana, anakoka ndi mphamvu zawo zonse. Chimbale chinakwera, chinaima, chinapendeka, chinakagwera pa thandala. Tinamva mawu a mayi uja kuseri kwa mpanda, akutchula makolo a amuna anga m'Chikunda.

"Ponyaninso."

Chinagwera pomwepo. Sajeni anaseka mpaka mfuti inatsetsereka paphewa.

"Mdala, ngati adani akudikira uthenga wanu, adzakalamba. Pitirizani. Koma chikadzadutsa waya uja, musadzachitsate."

Ine ndinathokoza Mulungu kuti anandipatsa mwamuna wosadziwa kuponya. Iwo tsiku limenelo sanadye. Akanakonda kuti sajeni awakayikire pang'ono.

M'mawa mwake anabwera pamene ndinkachapa, n'kukhala pa chitini pafupi nane, chimbale chili pamaondo.

"Amayi a mwana, ndikupempheni kanthu. Ine sindidziona ndikamaponya. Muziimirira kumbuyo kwanga, muzindiuza chimene mukuona."

"Ine ndidziwa chiyani za mbale zouluka?"

"Maso muli nawo."

Ndinavomera chifukwa cha mmene anapemphera. Kwathu mwamuna wa nthawi imeneyo sankapempha mkazi kuti amuuze polakwa. Tsono dzuwa likapendeka ndinkayala mphasa m'mphepete mwa dzenje, mwana n'kumasewera ndi fumbi, ine n'kumayang'ana. Poyamba ndinkangoona munthu wamkulu, wa mwana mmodzi, akuzungulira ngati nkhuku yodulidwa mutu. Kenako ndinayamba kusiyanitsa. Ndinaona kuti akatambasula mkono kumbuyo chimbale chimatsikira kuchiuno, ndiye pobwera chimakwera. Ndinawauza. Anachikweza kufika pachifuwa. Ndinaona kuti mkono ukuzungulira patali ndi thupi ngati akumweta udzu, osadutsa pafupi ndi mabatani a malaya. Ndinawauzanso. Iwo okha anatulukira kuti akapinda dzanja pang'ono, ngati wothira tiyi m'kapu, mphuno ya chimbale imaloza pansi ndipo sichikwera.

Chinawathandiza kwambiri chinali phewa lija. Akati aponye ndi mphamvu linkawabaya, tsono anakakamizika kuponya mofatsa, ndipo mofatsamo chimbale chinkapita patali kuposa kale. Izi zinawakwiyitsa masiku angapo. Anati si chilungamo. Kenako anayamba kuphunzira mapazi: kuponda ndi lamanja, lamanzere kudutsa kumbuyo kwake, lamanja kupondanso n'kuima nji, chiuno kutembenuka mkono usanayambe, chidendene kuzungulira pafumbi. Ankachita zimenezi ngakhale m'nyumba, kuchokera kuchipinda kupita kukhitchini, moti mlendo wina wa kutchalitchi anandifunsa mwakachetechete ngati bambo anayamba kumwa kachasu.

Ndinene zoona, imeneyo inali nyengo yabwino ya ukwati wathu. Shuga kunalibe, sopo kunalibe, basi inkabwera ikafuna, kutsidya mfuti zinkalira. Koma madzulo aliwonse ndinali ndi mwamuna wanga pabwalo, akunditembenukira n'kufunsa kuti "Nanga apo?" ndipo chimene ndanena ankachimva. Anayambanso kunenepa. Nsomba za mayi uja zinayamba kuuma mumtendere, chimbale chikugwa pafupi ndi dengu, nthawi zina n'kugunda mzati. Komabe iwo ankati chenicheni sichinabwere. Ankati chikadzabwera adzachimva m'zala.

Chinabwera tsiku lina Loweruka masana, mwezi wotentha uja mvula isanagwe, pamene ngakhale mbuzi zimakana kutuluka mumthunzi. Ndinali pamphasa ndi mwana. Mayi wa nsomba anali pathandala lake. Amuna anga anali atangopereka msana, chimbale chili m'dzanja, pamene chitsulo chochenjeza chinalira kupolisi. Chisanalire kachiwiri tinamva ndege zikubwera motsatira mtsinje, zotsika, phokoso lake longa kung'ambika kwa malata.

Ndinakwatula mwana n'kudziponya m'dzenje. Mayi uja anagwera pamsana panga. Ndinakuwa, "Bambo a mwana! Bambo a mwana!" Nditadzutsa mutu, maso anga anali pamlingo wa nthaka, ndipo chimene ndinaona chinali mapazi awo mu nsapato zamatayala. Sankathawa. Lamanja linaponda, lamanzere linadutsa kumbuyo, lamanja linaima nji, chidendene chinazungulira, fumbi linatuluka pang'ono. Kenako mthunzi wa ndege unadutsa pabwalo, mayi uja anandikanikiza mutu pansi, mfuti za kumsasa zinayamba kulira, mwana naye anayamba.

Ndegezo sizinaponye kanthu pa boma tsiku limenelo. Zinapitirira, phokoso linachepa, kenako kunangoti zii. Ndipamene amuna anga anadumphira m'dzenje, zonse zitatha, n'kuponda mwendo wa mayi wa nsomba. Maso awo anali aakulu.

"Mwaona?" anatero.

Ndinawamenya pachifuwa ndi dzanja lomwe linali lopanda mwana. Ndinali ndisanawamenyepo, ndipo sindinawamenyenso kuyambira pamenepo.

"Mukufuna kundisiya wamasiye chifukwa cha mbale? Mwana uyu ndidzamuuza kuti atate ake anafa bwanji?"

"Pepani, amayi a mwana, pepani. Ndinali nditayamba kale, thupi linangopitiriza lokha. Koma mwaona?"

Titatuluka anatitsogolera kudutsa bwalo. Dengu tinalipitirira. Tinalowa m'mitengo ya masau mpaka pa waya waminga. Kutsogolo, pamchenga woyera, patali ndithu, chimbale chinali chitagona bwinobwino, chikuwala. Amuna anga anagwira waya n'kumachiyang'ana ngati mlimi woyang'ana ng'ombe yake yoyamba.

"Chinayenda chogona," anatero motsitsa mawu. "Sichinakwere, sichinapendeke. Chinangopita."

Anthu anayamba kutuluka m'maenje, ndipo pasanapite nthawi pawayapo panadzaza. Sajeni uja anabwera kudzaona ngati pali wovulala. Amuna anga anamupempha chilolezo chokatola.

"Mchenga umenewo ngakhale ine sindipondapo, mdala. Kutsidya kuli mfuti yoyang'ana pomwepo." Anayang'ana chimbale, anayang'ana kumene kunali nyumba yathu, anayang'ana amuna anga. "Mwaponya ndinu? Inu amene ndinakuonani ine?"

"Ndine."

"Ndi mphepo ya ndege," anatero mayi wa nsomba akusisita mwendo wake. "Ndege zotsika chonchija zimasasula ndi denga lomwe. Nanga kambale?"

Anthu anavomereza. Zinali zomveka. Amuna anga anayang'ana uku ndi uku, kenako ananditembenukira.

"Amayi a mwana, auzeni. Inu munalipo."

Ndikanatha kunama. Palibe akanandigwira. Koma ndinali ndidakali ndi mkwiyo, mwana akadasisima pachifuwa panga, ndipo miyezi yonse ija ntchito yanga inali kunena chimene ndaona.

"Ine ndinaona mapazi okha," ndinatero. "Koma mapaziwo anali bwino."

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Ndikuganiza kuti theka la kusekako linali mantha a ndege akutuluka m'thupi, koma amuna anga sanazimve choncho. Anabwerera kunyumba okha. Mawu amenewo anafalikira boma lonse. Kumsika munthu akagula nsomba yoonda ankati, "Koma mapazi ake ali bwino." Ngakhale abusa anawagwiritsa ntchito pa ulaliki, sindikumbukira ankafotokoza chiyani.

Masiku angapo tinkangolankhulana zofunika: madzi osamba, mwana watentha thupi, mchere watha. Kenako tsiku lina m'mawa, akumanga zingwe za nsapato kuti apite kukatsegula ofesi, anafunsa osandiyang'ana.

"Chidendene chinazungulira?"

"Chinazungulira."

"Phazi lisanaime kapena litaima?"

"Litaima."

Anagwedeza mutu, anamaliza kumanga nsapato. Potuluka anamunyamula mwana n'kumuponya m'mwamba kamodzi, ndipo ndinadziwa kuti mlandu watha.

Chimbale china kunalibe kokachipeza, tsono masewera anathera pomwepo. Dzuwa likapendeka tinkayenda tonse atatu mpaka pa waya, kutola masau m'njira, n'kuima kuyang'ana. Dzuwa linachiwaula pang'onopang'ono mpaka chinayamba kuyera. Tsiku lina tinaona khwangwala akuchijompha, n'kuchisiya. Asilikali achinyamata ankapempha kuti achiwombere poyesa mfuti, sajeni anawaletsa. Mvula itagwa kumtunda mtsinje unadzaza, ndipo m'mawa wina tinapeza mchenga wonse uli pansi pa madzi ofiira. Mayi wa nsomba anati chapita ku Zumbo, kutsidya kwa malire, popanda pasipoti. Amuna anga anaseka nawo, ngakhale kuseka kwake kunali kwakufupi.

Nkhondo ya kutsidya itatha, mtsinje unatsegulidwa. Mabwato anatuluka m'mabango mmene anabisidwa, ambiri kuposa mmene boma linkadziwira, ndipo ntchito ya amuna anga inabwera yonse nthawi imodzi. Ankapita kumidzi ya kwa Mphuka kukaona maukonde, n'kugona konko masiku angapo. Anthu ankavina, basi inayamba kubwera, shuga anaoneka m'sitolo. Dzenje lija ndinalikwirira ndekha n'kubzalapo mpiru. Akabwera kunyumba ankafika akununkha petulo ndi mamba a nsomba, atapsa ndi dzuwa, ali okondwa. Ndinkawatenthetsera madzi osamba, ndili ndi nkhani za sabata yonse zoti ndiwauze, koma pobwera kudzawaitana ndinkawapeza atagona pampando, nsapato imodzi yokha atavula.